Njereza pa Khoma la Benvindo

Ku Mandimba kulibe munthu amene anaonapo Benvindo Tomasi akudzidzimuka. Mphezi inagwapo pamtengo wa mango womwe iye anatsamiritsapo njinga, anthu onse pamsika anagwa chafufumimba, ena anakapezeka ku Chiponde, kutsidya la malire a Malawi, asanadinditse n'chiphaso chomwe, koma iye anangowerama n'kutsina tayala kuti aone ngati mpweya ulimo. Omudziwa amati mkango utalowa m'kalasi mwake angaufunse ngati wabwera ndi pensulo. Ndi mphunzitsi wa zojambula pasukulu ina ya kumapeto kwa tauni, wamtali, woonda ngati nsungwi ya chaka cha chilala. Patsiku amayankhula mawu osapitirira khumi. Enawo amasungira mawa.

Sanabadwe choncho ayi. Ali mwana ku Massangulo anali wolongolola, ndipo ankajambula ansembe a ku mishoni ndi makala kuseri kwa tchalitchi, mphuno zazikulu ngati makasu, n'kumakwapulidwa Lolemba lililonse. Nkhondo itafika m'midzi ya kwawoko ku Ngauma mu 1986, anachoka pakhomo anthu anayi. Ku Malawi anafika awiri, iye ndi mayi ake. Za awiri enawo sanena.

Kumsasa wa othawa nkhondo anthu anamva kuti pali mnyamata wodziwa kujambula. Ankabwera kudzamufotokozera nkhope za abale awo osowa, iye n'kumajambula kuseri kwa makatoni kuti zikakhomedwe pamalo olandirira ufa. Nkhope zomwe anajambula zinachuluka kuposa nyemba za m'thumba la chithandizo. Chaka choyamba ankalira limodzi ndi ofotokozawo. Pofika chaka chachitatu ankangodikira kuti mayi atsirize kusisima, kenako n'kufunsa kuti makutu a mwanayo anali otani. Nkhope yake inaumira kumeneko.

Anabwerera mu 1994, atasiya mayi ake m'manda a kutsidyako. Mudzi anaupeza uli tchire. Anapita ku Cuamba kukaphunzira uphunzitsi, kenako digiri anaitsiriza ku Nampula pa matchuthi, akudya chinangwa chouma mpaka mano ake anafika poti angathyole msomali.

Mu 2002 kunabwera kalata yozungulira m'masukulu. Sukulu ina yaikulu ya ku Maputo inkatsegula maphunziro a zaka ziwiri, oonjezera pa digiri, a aphunzitsi omwe alinso amisiri a zojambula. Kalatayo inati sakufuna munthu wojambula nthochi n'kuoneka ngati nthochi basi. Ankafuna wopanga zinthu za masiku ano pamodzi ndi ana, wophunzitsa ana kufunsa chifukwa chimene zinthu zilili chonchi m'malo momangokopera za pabolodi. Chigawo chathu chonse cha Niassa chinapatsidwa malo amodzi. Wofunsira ankayenera kuonetsa ntchito imodzi yomwe wapanga ndi ophunzira ake, ndipo poti chigawo chonse chinali ndi makamera awiri, ina yakufa, mphunzitsi wa ku Maputoko adzabwera yekha kudzaona ndi maso.

Benvindo anawerenga kalatayo kawiri, zomwe kwa iye n'chimodzimodzi munthu wina kuvina mpaka nsapato kubooka. Malowo anawafuna. Chibwerereni kuchokera ku Malawi panalibe china chimene anachifunapo.

Pasukulupo panali khoma limodzi lotsala la nthawi ya Apwitikizi, lomwe omanga anangolumikizako makalasi atsopano. Linali lobookabooka ndi zipolopolo. Benvindo anaimitsa ana a kalasi yachisanu ndi chiwiri patsogolo pake n'kuwafunsa kuti kwawo n'kuti. Ena anati konkuno. Ena anati ku Malawi, poti n'komwe anabadwira n'kuphunzirira kuyenda. Anakangana sabata yathunthu. Kenako anawatuma kuti akafunse makolo njira yomwe anadzera pothawa ndi yomwe anadzera pobwerera.

Utoto wa m'sitolo kunalibe. Anakumba katondo kuseri kwa bwalo la mpira, dothi lachikasu anakatenga kudambo, anasinja makala, zonsezo n'kusakaniza ndi phala la chinangwa kuti zigwire. Njira zothawira anazijambula zofiira, zobwerera zachikasu. Pomwe munthu anatsalira panjira, mwana ankadindapo chala cha makala. Mabowo a zipolopolo sanawatseke. Anawo anagwirizana okha kuti pambali pa bowo lililonse alembepo funso lomwe akuluakulu analephera kuyankha. Wina analemba kuti, bwanji m'munda wa agogo muli fodya wa munthu wina? Wina anafunsa chifukwa chimene m'buku la mbiri mulibe njira ya ku Chiponde. Ntchitoyi inatenga chilimwe chonse, miyezi isanu, ndipo pofika Okutobala khomalo linadzaza kuyambira pansi mpaka pomwe makwerero ankalekezera.

Mkulu wa sukuluyo, amene kuno timati diretori, anali a Cosme, bambo wamfupi wamtima wabwino, amene mimba yawo inkafika pamsonkhano mphindi zisanu eni ake asanatulukire. Ankakonda zinthu ziwiri: ukhondo ndi alendo. Benvindo anawauza nkhaniyi mwa muyezo wake wa masiku onse. Anati Lachinayi kukubwera mlendo wa ku Maputo kudzaona ntchito yathu. Basi. Lachiwiri anakwera minibasi, imene kuno timati chapa, kupita ku Cuamba kukachingamira mlendoyo pa sitima yochokera ku Nampula.

Mlendoyo anali Dotora Júlia, mayi wa imvi zochepa ndi nsapato za amuna, kamera ili m'khosi. Lachinayi m'mawa anapanikizana m'chapa pakati pa matumba a mchere ndi mbuzi ziwiri. Dotora anafunsa za khomalo, ndipo mawu onse amene Benvindo anasunga kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo kuja anatulukira pamsewu wafumbi umenewo. Anafotokoza za katondo, za zala zakuda makumi anayi ndi zitatu, za mwana amene anakana kuti njira yobwerera ikhale yachikasu poti kwa iye kunali kuchoka. Woyendetsa chapa, amene ankamudziwa, anatembenuka kawiri kuti aone ngati wanyamula munthu wolakwika.

Tsono kuno mlendo wamkulu salandiridwa ndi nkhuku yokha. Amalandiridwa ndi njereza. Mitengo imapakidwa mpaka m'chiuno, miyala ya m'mbali mwa njira imapakidwa, zimbudzi zimapakidwa, ndipo chilichonse chomwe sichikuyenda chimapakidwa. Benvindo ankazidziwa bwino zimenezi. Iye mwini anapakapo miyala bwanamkubwa akubwera. Kungoti m'mutu mwake sizinakumane ndi khoma.

Anatsika pamphambano n'kuyenda wapansi. Sukulu inaonekera patali ikuwala moti mbalame zinkaizungulira poopa khungu. Mango onse anavala masokosi oyera. Galu wa alonda, amene anagona tulo nthawi yolakwika, anali ndi mbali imodzi yoyera. Ana anali pamzere akuimba, ndipo a Cosme anabwera manja ali tambalale, atavala jekete pa dzuwa la Okutobala. Anauza mlendo m'Chipwitikizi chonona kuti makolo agwira masiku awiri, matumba anayi a njereza, popanda wodandaula.

Dotora anathokoza, kenako anatembenukira kwa Benvindo. "Nanga ntchito ija ili mbali iti, aphunzitsi?"

Benvindo analoza ndi chala. "Ndi iyo."

Khoma linali loyera mbee kuyambira pansi mpaka kudenga. Mabowo okha ndi amene anatsala, akuda, opanda mafunso.

"Matope a ana aja?" anatero a Cosme, akumwetulirabe. "Tapaka kawiri kuti asaonekere, aphunzitsi. Mlendo wa ku likulu angafikire pakhoma la matope ngati wabwera kudzagula nkhumba?"

Benvindo anafufuza m'kati mwake ngati munthu wopapasa dzino ndi lilime kuti amve ngati likupweteka. Sanapezemo kanthu. Chomwe anaona n'chakuti njerezayo anaisungunula bwino, yopanda zibuma, ndipo opakawo anayendetsa burashi chotsika, mwaluso.

A Cosme atamvetsa, thukuta linawatuluka lokwanira kuthirira dimba. Anaitanitsa ndowa ndi nsanza kuti atsukepo. Madzi atakhudza khoma, njereza, katondo ndi phala la chinangwa zinasungunukira limodzi n'kuyenderera pansi ngati phala la mawere. Dotora anawapempha kuti asiye.

Pakati pa makolo panali mayi Mariamo, ogulitsa zitumbuwa pachipata cha sukulu, manja ali oyera mpaka m'zigongono. Mwana wawo wamkazi ndi amene anadinda chala chakuda pafupi ndi pamene anajambula mtsinje, pomwe bambo ake anatsalira. Anayandikira Benvindo n'kuyankhula motsitsa, Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao.

"Pakona paja ndapaka ndekha, aphunzitsi. Tsiku lililonse ndikakhala ndi beseni langa chala chija chimandiyang'ana. Sindinadziwe kuti n'cha alendo."

"Mwapaka bwino, mayi," anatero Benvindo.

Dotora anakhala pansi ndi ana patsogolo pa khoma loyeralo. Aliyense anadzuka kukaloza pomwe njira ya kwawo inkadutsa, ndipo awiri anakangana za bowo lomwe linali la funso la fodya. Dotora analemba masamba atatu, anajambula khomalo ndi kamera kamodzi, n'kuuza Benvindo mosabisa kuti osankha ku Maputo amaweruza zomwe aona. Iye akanena zomwe wamva, koma sangalonjeze kanthu. Benvindo anati wamva. Anadya nkhuku ya a Cosme, amene sanadyeko n'komwe, chinthu chomwe sichinachitikepo m'mbiri ya Mandimba, ndipo madzulo Dotora anakwera galimoto ya ku Lichinga komwe kunali wofunsira wina.

Kalata inabwera mu Febuluwale, mvula ili pakati. Benvindo anaiwerengera pakhonde la ofesi, ali chiimire. Inati malo apita kwa mphunzitsi wa ku Lichinga wosema zitsa, ndipo osankha adandaula kuti ntchito ya ku Mandimba sanathe kuiona. Ndime yomaliza inathokoza sukulu chifukwa cholandira bwino mlendo, ndi kuti pamalopo panali paukhondo.

A Cosme, amene miyezi inayi yonseyo ankazemba Benvindo podzera kuseri kwa zimbudzi, anasuzumira pakhomo n'kufunsa ndi mawu aang'ono kuti alemba chiyani. Benvindo anawapatsa. A Cosme anawerenga mpaka pandime yomalizayo. Kenako anafunsa, maso ali pansi, ngati aphunzitsi angalole kuti kalatayo ikhomedwe mu ofesi, poti sukuluyi sinalandirepo chiyamiko chochokera ku Maputo.

Benvindo anati palibe vuto. Anapinda pepalalo kuti ndime yomaliza yokha izioneka, analigwirizira pakhoma a Cosme akufunafuna msomali, ndipo iwo atalitenga kuti alikhome anawauza kuti alikweze pang'ono kumanzere chifukwa lapendekeka.