Udzu wa Potembenukira

Tsiku limene mwini wa loja ina, sitolo ya m'tauni ya Milange, anatulutsa njinga zamoto zitatu kuti anthu aziyese asanagule, ine ndinapita ndi bambo anga. Sindinkafuna kuwatenga. Anali atadwala dzinja lonse, miyendo itatupa, ndipo kuchoka pakhonde kukafika pamsewu ankapumira kawiri. Koma atamva kumene ndinkapita anavala jekete yawo yopitira kutchalitchi, natenga ndodo, nakhala pa kaliyala ya njinga yanga yakapalasa osandifunsa n'komwe.

"Mota imeneyo ukugulira ine," anatero. "Katundu wake ndine. Ndiye katunduyo akayesedwenso."

Sindinawatsutse, chifukwa ankanena zoona. Kwathu kwenikweni ndi ku Molumbo. Nkhondo itafika m'mudzi mwathu tinathawa wapansi, tilipo anayi: bambo, amayi, mkulu wanga ndi ine. Amayi anali akudwala kale, ndipo anamwalira pa tsiku lachiwiri la ulendo. Tinawaika pansi pa mtengo wa muwanga, chapatali pang'ono ndi msewu, tikukumba ndi khasu limodzi mosinthana. Panalibe nyimbo, panalibe wolira mokweza. Bambo anangogwira mtengowo n'kunena kuti adzabweranso, kenaka tinapitiriza ulendo mpaka kuwoloka mtsinje wa Ruo.

Ku kampu ya ku Malawi tinakhalako zaka. Mtendere utabwera, tisananyamuke, anatisonkhanitsa n'kutiphunzitsa za mina, mabomba aja amene asilikali anakwirira m'nthaka. Lamulo linali limodzi: ponda pamene wina waponda kale, usapatuke. Tinalimva tonse. Tinadutsa pa Milange atatu, kulunjika ku Molumbo, bambo akutsimphina chifukwa cha bondo. Mkulu wanga anaona kamtengo kowongoka m'mbali mwa msewu, pafupi kwambiri moti mwana akanakagenda, ndipo anati awadulire ndodo. Sanafike pa kamtengoko. Zimene ndinaona tsiku limenelo sindilemba. Anthu a m'mudzi wapafupi anatithandiza kumuika m'manda awo, ndipo ife awiri tinabwerera ku Milange osafika pamanda a amayi.

Ndinayamba ntchito yonyamula chimanga pa njinga, kuwolotsa malire kupita ku Muloza. Matumba awiri kumbuyo, lina pakati, thukuta mpaka m'maso. Zaka zonsezo sindinaponde pathengo. Ngakhale kutaya madzi ndinkatayira m'mbali mwenimweni mwa njira, anthu akudutsa, manyazi ndili nawo koma osasuntha. Bambo nawonso sankatchula za ku Molumbo. Anayamba kutchula atadwala, ndipo atayamba sanalekenso. M'mawa, masana, pakudya: "Ndinawauza amako kuti ndidzabwera." Pa njinga yakapalasa sakanafika amoyo, ndipo galimoto zolowera kumeneko zinali zosowa. Zimene ndinasunga pa ntchito ya chimanga zinali zokwana mota imodzi, ndipo ndinkaona ndi maso anga kuti bambo sadzaonanso dzinja lina.

Mwini lojayo anali wobadwira ku Malawi, mmodzi mwa amalonda amene anabwera mtendere utakhazikika. Anali munthu wabwino, wa pakamwa potentha, wokonda kuseka yekha nthabwala zake. Njinga zake anaziimika pa bwalo la kuseri kwa msika, zitapukutidwa mpaka kuwala. Kuchokera pabwalopo panali kanjira kafumbi kolunjika kumunsi, kopapatiza, ndipo kumapeto kwake kunali udzu wofika m'chiuno. Anakwera pa benchi kuti tonse timve.

"Abale anga, palibe kulipira. Mukwera, mutsetsereka ndi kanjira aka, mukafika uko mukhota bwinobwino mu udzumo, n'kubwerera. Amene sadziwa giya asachite manyazi, anene."

Woyamba kukwera anali mmisiri wa matabwa, munthu wodziwa mota. Anatsika ndi kanjirako mokongola, fumbi lili kobo. Atafika kumapeto anaima, natsika, nayamba kukankha njingayo kutsogolo ndi kumbuyo, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka inatembenuka m'kanjira momwemo, tayala osakhudza udzu. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Wachitatu njinga inamulemera potembenuza, inagwa n'kuthyoka galasi.

Mwini loja anagwira m'chiuno. "Kodi anthu a kuno mwatani? Udzu umaluma? Ndati mukhote mu udzumo, malo onse aja!"

Anaseka, koma anaseka yekha. Tonse tinkadziwa kuti mu udzu umenewo munalibe kanthu. Mbuzi zinkadyamo tsiku ndi tsiku, ndipo tauni inali itayeretsedwa kalekale. Mutu unkadziwa. Koma pafupifupi aliyense amene anali pamzere tsiku limenelo anali wobwerera kuchokera ku kampu, ndipo miyendo yathu inali ndi sukulu yakeyake. Palibe amene anamufotokozera. Zinthu zimenezi sitinkazikamba, makamaka kwa munthu amene akuseka.

Nthawi yanga itakwana ndinayamba ndi yofiira. Kukwera ndinali nditaphunzira pa mota ya namwino wina amene ndinkamumatira matayala, choncho sindinachite mantha. Yofiirayo inali yopepuka, yolira mokweza, yodumpha ukangoigwira pang'ono. Ya anyamata ofuna kuonedwa pamsika. Ikanawagwetsa bambo tisanatuluke m'tauni. Kumapeto kwa kanjira ndinatsitsa miyendo n'kuitembenuza ngati anzanga aja. Yachiwiri inali yakuda, yaifupi, ya chishalo chachikulu chofewa. Ndinaikonda, ndipo ndinaganiza za msana wa bambo. Koma mimba yake inali pafupi ndi nthaka, ndipo msewu wa ku Molumbo ndinkaukumbukira: ikanakakhala pa mwala woyamba.

Yachitatu inali yaitali, ya matayala a mano. Nditakhalapo zala za kumapazi zokha ndi zimene zinkafika pansi. Inkalira pansipansi, osafulumira, ndipo m'maenje inkadutsa osandigwedeza. Ndisanafike n'komwe pakati pa kanjira ndinadziwa kuti ndi imeneyi. Koma potembenuza inandionetsa zakuda. Inali yolemera, kanjira kali kochepa, ndipo pokankha ndinatsamiritsa katumba pa paipi ya utsi. Ndinabwerera pabwalo khungu litasupuka, mtima uli m'mwamba.

"Achimwene," anatero mwini loja, "inu mukuoneka wanzeru. Mundiphera njinga. Chavuta n'chiyani kungokhota?"

Ine mkwiyo sundichedwa, ndipo ndi khalidwe limene landitayitsa zambiri. Ndinamuyankha pamaso pa anthu onse. "Patarau, bwana inu, nkhondo munkaimvera pa wailesi. Musatiphunzitse poponda."

Mawuwo atangotuluka ndinachita nawo manyazi, chifukwa anthu a kwawo ndi amene anatipatsa malo ogona ndi madzi zaka zonse zija. Ndipo ndinamva ndodo ikugogoda pansi kumbuyo kwanga.

"Wamaliza kulalata?" anatero bambo. "Ndikweze."

Mwini loja anayang'ana miyendo yawo yotupa. "Abambo, kodi muthadi? Yaitali imeneyi."

"Ku Molumbo n'kutali kuposa apa. Ngati ndigwe, ndigwere pano pali anthu."

Tinawanyamula awiri, ine ndi mwini loja yemweyo, n'kuwakhazika kumbuyo. Anali opepuka kuposa theka la thumba la chimanga, ndipo zimenezi zinandiopsa. Ndodo anaipingasa pakati pa ine ndi iwo, nandigwira m'chiuno ndi manja onse awiri. Chikulireni anali asanandigwirepo chotero. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndikumva mpweya wawo pakhosi panga. Pa dzenje loyamba anati, "Iyi ndiye mota." Pa lachiwiri anangondigwira kwambiri.

Tinafika kumapeto. Ndinaima, tayala lakutsogolo litatsala pang'ono kukhudza udzu.

"Pita," anatero.

"Tsikani kaye, Bambo, nditembenuze."

"Ukanditsitsa kangati pa msewu wa ku Molumbo?"

Injini inkangolira pansi pathu.

"Amako sali pamsewu, mwanawe. Ukudziwa pamene tinawasiya. Ukandifikitsa n'kuima chonchi, ndiye kuti sunandifikitse."

Ndinayesa. Mulungu ndi mboni, ndinayesa. Dzanja linali pa chogwirira chothirira mafuta, koma zala za dzanja linalo zinakana kusiya kilatchi. Pamaso panga sipanali udzu wa kuseri kwa msika. Ndinkaona msana wa mkulu wanga, malaya ake obiriwira, chikwanje kudzanja. Ndinazimitsa injini.

Bambo anatsika okha. Anatsetsereka pa chishalo, mwendo umodzi kenaka unzake, atagwira phewa langa. Ndinaganiza kuti akundipatsa mpata woti nditembenuze. Koma anakonza jekete yawo, nagwira ndodo, nalowa mu udzu.

Ndodo imeneyo inali yogula pamsika. Chichitikireni za mkulu wanga sanalolenso kuti munthu awadulire ndodo kuthengo, ndipo iwonso, monga ine, anali asanapatukepo panjira. Anayenda mokhota, monga mmene mota ikanakhotera, akuponda udzu ndi mapazi otupa aja kuti ugone. Ankati akayenda pang'ono, aima, apuma, ayambanso. Kubwalo kuja anthu onse anali ataimirira. Palibe amene anathamanga kukawagwira. Anazungulira mpaka anatulukira m'kanjira kumbuyo kwanga, jekete yonse ili ndi chisoso, akupuma ngati munthu wokwera phiri.

"Njira ndi imeneyo," anatero. "Paponda munthu. Dutsa."

Ndinaliza injini, ndinaika giya yoyamba, ndinalowa. Ndinatsata mzere wa udzu wogona uja osaphonya, misozi ikutsika, munthu wamkulu wandevu. Sindinkalira chifukwa cha mantha okha. Ndinkalira chifukwa ndinazindikira kuti zaka zonsezo bambo ankadziona ngati ndiwo anapha mwana wawo ndi bondo lawo lija, ndipo ine, wokhala nawo nyumba imodzi, sindinawauzepo kuti si choncho.

Titabwerera pabwalo tinapeza mwini loja atavula chipewa. Wina anali atamunong'oneza. Anabweretsa mpando wake wa m'loja, nawakhazika bambo pamthunzi, nagwada pambali pawo.

"Pepani, abambo. Sindimadziwa."

"Mukanadziwa bwanji?" anatero bambo. "Ndi mwana wangayu ayenera kupepesa. Pakamwa anatengera amake."

Ndinapepesa. Amene anakwera pambuyo panga anakhota mu udzu, mmodzimmodzi, aliyense akutsata mzere womwe uja. Pofika masana panali patasanduka njira. Ine ndinagula yaitali ija.

Tinanyamuka mvula itatha, msewu utauma. Bambo anali atafooka kuposa pa tsiku loyesa lija, moti ndinawamangirira kumsana kwanga ndi chitenje kuti akawodzera asagwe. Tinaima kambiri. Pa mudzi umene tinaika mkulu wanga anandiuza kuti ndizimitse injini, ndipo tinakapemphera pamanda pake. Sanalire. Anangoti tipitirire dzuwa lisanapendeke.

Muwanga uja ndinauzindikira ndili patali, ngakhale unali utakula. M'mbali mwa msewu munali miyala yopakidwa utoto woyera, ndipo mayi wina amene ankachokera kumunda anatiuza kuti ochotsa mina anadutsamo kale, anthu ayambanso kulima chakumtunda. Koma pakati pa msewu ndi mtengowo panalibe njira. Panali udzu wokhawokha, wouma, wofika m'chifuwa.

Ndinamasula chitenje n'kuwatsitsa. Anaima, nakweza ndodo kuti atsogole monga anachitira kuseri kwa msika. Ndinawagwira mkono.

"Lero ndiyambe ine, Bambo."

Anandiyang'ana, kenaka anatsitsa ndodo. Ndinalowa. Ndinkaponda mwamphamvu kuti udzu ugone, ndipo ndinkaponda pafupipafupi kuti mapazi awo akwanire m'mapazi anga. Kumbuyo ndinkamva ndodo, kenaka phazi, kenaka phazi lina.

Pansi pa mtengo panalibe mtumbira. Mvula ya zaka zonsezo inali itasalaza. Koma bambo sanafunefune. Anapita mbali ya kum'mawa kwa tsinde, nakhala pansi, nayamba kuzula udzu ndi manja. Ndinagwada kuti ndiwathandize. Titayeretsa malo okwana munthu wogona, anavula chipewa, naika dzanja pa dothi.

"Amake ana, ndafika," anatero. "Ndachedwa. Ndabwera ndi mmodzi."