Nsikidzi Zomwe Ndinatumiza kwa Abambo

Ndikukumbukira kuti ndili ndi zaka khumi ndinkakhulupirira kuti tulo timayenda m'ngalande ngati madzi a mpunga. Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma mwana wokulira m'mphepete mwa sikimu ya mpunga ya Likangala akanaganiza chiyani china? Tonse tinkadziwa kuti madzi amayambira kumtunda, ndipo wa kumtunda akatseka ndi chibuma, wa kumunsi amangoyang'ana mpunga wake ukufiira. Ndiye ine nditaona kuti amayi anga sagona, pomwe abambo, amene anali atatithawa n'kukakwatira mudzi wa kumtunda, ankaliza mkonono womveka mpaka kumsewu, mutu wanga wa Sitandade 3 unapeza yankho msanga: mkulu ameneyu watseka tulo ndi chibuma.

Abambo anachoka chaka chomwe Esinati, mlongo wanga wotsiriza, ankamera mano. Sanakangane ndi munthu. Anangopukuta njinga, kumangirira pakaliyala bulangeti lofiira lomwe anabwera nalo ku Joni, n'kunena kuti akukagulitsa makhadi a Chipani. Anakagulitsadi, koma pofika pakhomo pa mayi wina wophika mowa njinga ija inakana kutembenuka. Kwathu kuno mwamuna ndi mkamwini, amabwera ndi kachikwama n'kuchokanso ndi kachikwama. Ankhoswe anawaitana kawiri osabwera, kachitatu sanayesenso. Masiku amenewo ndani akanakweza mawu kwa munthu woyenda ndi makhadi m'thumba? Ukamufunsa za ana ake, iye ankakufunsa za khadi lako.

Amayi anatsala ndi ife atatu, ine Dayisoni, mng'ono wanga Jemusi ndi Esinati, kuphatikizapo puloti ya mpunga ya kumapeto kwenikweni kwa ngalande. Poyamba ankangotembenuka pamphasa. Kenako anayamba kudzuka, kutigwira mitu mmodzimmodzi ngati akusankha maungu, n'kukhala pansi kuluka nkeka mumdima. Kukacha ankaumasula chifukwa unali wokhota. Anamwa madzi a masamba a mandimu, amayi a kutchalitchi anabwera kudzawapempherera, wina mpaka anawabisira kachithumwa pansi pa mphasa. Tulo tinakana. Masana ankathira mchere kawiri m'ndiwo, n'kuiwala khasu kumunda. Tsiku lina anazungulira mudzi wonse akufuula dzina la Esinati, chonsecho Esinatiyo ali kumsana kwawo, akuyamwa chala.

Nkhani ya Esinatiyo ndi yomwe inabweretsa amalume a Bizaliyele. Anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, ine ndili m'mwamba mwa mtengo womwewo, ndipo anauza amayi mosapsatira kuti mutu wawo wayamba kusokonekera. Anati mpunga ukakololedwa zinthu zisanasinthe, iwo awatengera kuchipatala cha amisala, ndipo ife atigawana: ine ndikaweta mbuzi kwawo, Jemusi apita kwa azakhali, Esinati kwa aliyense amene angamufune. Ankatigawa ngati anapiye a nkhuku yomwe yagwidwa ndi mphamba. Kuyambira tsiku limenelo, pogona amayi ankamanga mwendo wa Esinati ndi kansalu n'kumangirira kudzanja lawo, ndipo ka tulo kochepa kamene kankawaba mbandakucha nakonso kanathawa.

Ndinanyamuka kupita kumtunda kuti ndikawauze abambo. Ndinawapeza dzuwa lili paliwombo, atagona chagada pakhonde, pa bulangeti lofiira lija, kukamwa kuli yasa, ntchentche ikulowa n'kutuluka ngati kwawo. Mayi wa mowa uja anandiponyera kachidutswa ka chinangwa n'kundiuza kuti ndisawadzutse, atopa ndi ntchito za dziko. Ndinaima pomwepo n'kumawayang'ana. Mimba inkakwera n'kutsika mwamtendere. Mumtima ndinati, tulo timeneti si ta munthu mmodzi, muli ndi ta amayi anga momwemu. Ndinabwerera, chinangwa ndinapatsa galu.

Njira yonse ndinkasankha chida. Chitedze chimayabwa usiku umodzi, mawa munthu wasamba waiwala. Linthumbu limabwera n'kupita, silimanga mudzi. Ine ndinkafuna mlendo woti akafika akhazikike, akwatire, abereke ana ndi zidzukulu. Mlendo wotero ndi mmodzi yekha: nsikidzi. Vuto linali loti kwathu kunalibe ngakhale imodzi, popeza munthu wosagona amasesa ndi kuzira nyumba mpaka nyerere zimasamuka.

Loweruka ndinayenda wapansi mpaka ku Kachulu, kabokosi ka machesi kali m'thumba. Kuseri kwa mathandala oyanikapo matemba kunali misasa ya asodzi, ndipo mphasa za mmenemo zinali ndi fungo lomwe mphuno yanga imalikumbukirabe. Msodzi wina wa ndevu anandipeza nditagwada, ndikutokosa m'mizere ya mphasa yake ndi kaudzu, n'kundifunsa chomwe ndataya. Ndinati aphunzitsi atituma nsikidzi za phunziro la sayansi.

“Tenga zonse, mphwanga,” anatero msodziyo. “Zikachepa, ubwere ndi ahedi ako adzagone muno.”

Sindinkatola chisawawa. Ndinkasankha zonenepa, zofiirira, zooneka kuti zili ndi pakati. Usiku wake ndinatsegula kabokosi pang'ono n'kukakanikiza pantchafu panga kuti zidye, zisakafike kuntchito zili zofooka. Mpaka lero ndikaganiza za chikondi chimene ndinaonetsa tizilombo timeneti, ndimaona kuti ndikanakhala mlimi wa ng'ombe wotchuka.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinapitanso kumtunda, nkhope yonyezimira mafuta. Ndinagwada patali, kuwomba m'manja, n'kunena kuti ndangobwera kudzawaona. Abambo anakondwa, anauza anzawo omwe ankamwa nawo kuti onani mwana woleredwa bwino. Kenako anandituma kukatenga fodya wawo m'nyumba. Bulangeti linali lopindidwa bwino pabedi la zingwe. Ndinafunyulula m'mphepete momwe munali msoko, kukhuthula kabokosi konse, n'kuzinong'oneza kuti awa ndi abambo anga, muzidya ngati kwanu.

Panapita masabata angapo, kenako uthenga unayamba kutsika ndi amayi a kuchitsime. Akuti abambo maso afiira ngati a mlamba wouma. Akuti pamsonkhano wa Chipani, ali pakati polankhula za chitukuko, dzanja linalowa lokha m'khwapa, lina kumsana, mpaka anthu ankaluma milomo poopa kuseka, chifukwa kuseka pamsonkhano masiku amenewo kunali ndi mtengo wake. Akuti mayi wa mowa akuwanena kuti azitenga kunyumba za akazi ena, ndipo mapoto akuuluka. Ine ndinkamva zonsezi ndikusenda nzimbe, ndipo nzimbe imeneyo sindinalawenso yotsekemera chotero. Chokhacho, amayi sankagonabe. Ndinadzilimbitsa mtima kuti madzi akatsegulidwa kumtunda amatenga nthawi kuti afike kumapeto.

Chomwe chinafika si tulo ayi. M'mawa wina wa mwezi wa Juni, mphepo ya kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa, tinamva belu la njinga likulira kuyambira kumsewu, kuti mudzi wonse utuluke. Anali abambo, ataonda m'masaya, bulangeti lofiira lili pakaliyala. Anatsika mwaulemerero, n'kunena mokweza kuti sangagone mofunda ana awo akufa ndi chisanu. Pambuyo pake tinamva kuti mayi wa mowa uja anawauza kuti lichoke bulangeti kapena achoke onse awiri. Amayi analilandira ndi manja awiri atagwada, popeza anthu ankayang'ana. Amalume a Bizaliyele anayamikira kuti mlamu wawo ndi munthu wa mtima. Ine ndinali nditaima pambali, ndikuyang'ana msoko uja ngati munthu wokumana ndi ng'ona yomwe anailera yekha.

Kunena sindikanatha, kufunda sindikanathanso. Usiku ndinakana bulangeti, ndinati ndikumva kutentha, mano akugundana. Jemusi ndi Esinati anafunda mosangalala. Pofika tsiku lachinayi thupi la Esinati linali zidzolo zokhazokha, akulira mpaka kucha, amayi akuyenda naye uku ndi uku m'nyumba ngati mzukwa. Mpunga unali utacha, amalume anali atanena kuti abwera sabata yamawa. Ndinaona kuti chibuma chija ndachiika ndi manja anga, pakhomo pathu penipeni.

Ndinawapeza amayi kuseri kwa nyumba akutsuka mbale yomwe anali ataitsuka kale. Ndinagwada n'kuulula zonse, kuyambira ngalande mpaka kabokosi. Amayi anathyola kanthambi ka bulugamu n'kuyamba kukasadza masamba pang'onopang'ono.

“Wati unazitenga kuti?”

“Ku Kachulu, amayi.”

“Wapansi?”

“Eya.”

“Ndiye kukanda kuja abambo ako ankakanda pamsonkhano…”

Sanamalize. Kanthambi kanagwa. Anayamba ndi kaphokoso ka m'mphuno, kenako anagwira m'mimba, kenako anakhala pansi m'matope a madzi a mbale, akuseka mpaka kutsokomola. Chaka chathunthu ndinali ndisanaone mano awo. Koma kuseka kuja kunapitirira mpaka kunasanduka kulira, kulira kwenikweni kwa pamaliro, ndipo ine ndinati basi, misala ija yafika, ndaibweretsa ndine.

Abiti Saidi, mayi wa nyumba yoyandikana nafe amene ankagulitsa matemba ku Zomba, anadumpha mpanda ndi mpeni wa nsomba m'manja. Atamva nkhani yonse anandipotokola khutu, uku akupukuta misozi ya kuseka ndi mpango wake, n'kulamula kuti katundu yense atuluke panja. Tinawiritsa madzi m'mgolo wake. Tinathira mphasa, nkeka, zovala, ndi bulangeti lomwe, mpaka linafupika ngati la mwana. Tinazira makoma ndi pansi pomwe. Tsiku lonselo amayi ankalankhula, Abiti Saidi akungoti “eetu” uku akukolezera moto. Ine potunga madzi ndinkatola zidutswa za mawu awo: kuti akatseka maso amaona mbuzi za amalume ndi ine pambuyo pake, kuti amaopa kugona chifukwa mwana akatsamwa palibe wina womva, kuti m'nyumba ya munthu mmodzi khutu silipuma.

Dzuwa litapendeka, mphasa zonse zinali zonyowa. Abiti Saidi anabweretsa nkeka wake wouma, kuuyala m'nyumba mwathu, n'kumasula yekha Esinati kumsana kwa amayi. Amayi anayamba kukana, akufunafuna kansalu kaja.

“Amake Dayisoni, ana awa lero ndi anga,” anatero. “Tsekani chitseko. Mukamva mwana akulira usiku uno, si wanu.”

Amayi anagona. Nkhuku zinatuluka, anthu anapita kumunda n'kubwerako, iwo ali m'tulo. Amalume anatulukira chakumasana, masiku asanakwane n'komwe, ndipo anapeza Abiti Saidi atakhala pakhomo pathu akupala nsomba, m'nyumba mukumveka mkonono woposa wa abambo. Atafunsa kuti kodi mlongo wawo wadwala, mayi uja anawaloza ndi mpeni n'kunena kuti wodwala ndi amene angagogode pachitseko chimenecho. Amalume anakhala pang'ono, kukanda m'mutu, n'kubwerera. Amayi anadzuka mthunzi utatalika, anamwa madzi chikho chathunthu, n'kunditumiza kukathyola kanthambi kena. Anandikwapula ndi mphamvu za munthu wogona bwino, ndipo chikwapu chilichonse ndinkachilandira ngati mphotho.

Sindinganame kuti anachiriratu. Masiku ena ankalukabe nkeka mumdima. Koma kuyambira pamenepo, kawiri pasabata ife tinkagona kwa Abiti Saidi, ndipo iye akapita ku Zomba ndi dengu lake, ana ake ankagona kwathu. Mpunga tinakolola, mbuzi za amalume anaweta ndi ena. Nsikidzi za kumtunda zinatsala m'zingwe za bedi lija, ndipo ndinamva kuti zinaberekana monga ndinazilangizira. Abambo anamwalira osadziwa amene anawatumizira alendo. Pamaliro ndinalira ndithu monga mwa mwambo, koma musandifunse ngati ndinalapa. Abusa anayesa kale.

Zaka zambiri ndinkadzitama kuti ndine ndinatsegula chibuma. Ndakalamba tsopano, ndipo ndikudziwa kuti tulo ta amayi sitinali kumtunda. Tinali kuseri kwa mpanda wathu womwewo, m'manja mwa mayi wonunkha matemba amene anangoti bweretsa ana. Kudziwa ndi kwina, mtima ndi wina. Mwezi wathawu mwana wanga Joyisi wabwerera pakhomo ndi ana awiri, mwamuna wake atapukuta njinga yamoto n'kupita kukagula mafuta mpaka lero. Ndinamuona Joyisi m'mawa wina akuthira shuga mumphika wa nyemba, maso ali gwa. Madzulo ake ndinapezeka ndakhala pakhonde, ndikukhuthulira machesi pansi, ndikufunsa mdzukulu wanga ngati minibasi za ku Kachulu zimayendanso Loweruka.

Akazi anga a Elube, amene nkhani imeneyi anaimva kokwana, anatuluka ndi nyali. Anayang'ana kabokosi, anayang'ana ine.

“Bwezerani machesi anga mmenemo, abambo ake Joyisi,” anatero. “Dzukani mukatenge adzukulu anu adzagone kuno. Wamng'onoyo amakodza pogona, ndiye agona mbali yanu.”