Tinapita Kukawathira Madzi Che Jafali

Ndinanyamuka ku Chipoka Loweruka m'mawa nditakumbatira bigiri yodzaza ayisi, ndikumwetulira ndekha ngati wotola chikwama. Mkazi wanga anandiperekeza mpaka pamsewu, osati chifukwa cha chikondi, koma kuti amalize kundinena.

"Bambo a Shakira, munthu wamkulu sathiridwa madzi pagulu. Wothiridwa madzi amakhala galu woba nsomba. Mukakawachititsa manyazi madala aja, kuno musabwerereko."

Nkhani yake ndi iyi. Ine ndili ndi shedi yoonetsera mafilimu pafupi ndi doko. Odzaza mabenchi ndi mafilimu a karate, koma alipo ena amene ndimasungira munthu mmodzi: a mpira wa ku America, uja wooneka ngati papaya, umene amasewera atavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Munthuyo ndi Che Jafali, amene aphunzitsa timu yathu ya mpira wamiyendo kuyambira ine ndikuvala kabudula wobooka kumbuyo. Malamulo a mpira wachilendowo sawadziwa, inenso sindiwadziwa. Iwo amangodikira kumapeto, pamene anyamata apambana n'kumukhuthulira mphunzitsi wawo chidebe cha madzi ozizira. Pamenepo amaseka mpaka kutsokomola, kenako amati, "Awa ndiye amadziwa kuthokoza."

Tsopano mawondo awakana, ndipo akusamukira kwa mwana wawo Halima ku Khombedza. Masewero a tsikulo, timu yathu ndi ya kumeneko, anali awo otsiriza. Iwo ndi anyamata anali atatsogola pa lole. Ine ndinatsalira dala kuti asaione bigiri, ndipo wodziwa chinsinsi anali Yusufu yekha, kaputeni wathu.

Kondakitala wa minibasi anandiuza kuti ine K3,000, bigiri K1,000. Ananunkhiza, n'kufunsa ngati munali nsomba. Sindinamudabwe, pakuti ayisiyo ndinapempha kwa mayi wina wogulitsa chambo.

Tikufika pa Lifidzi, madzi anali atayamba kudontha n'kulowa mu nsapato za bambo wina wa suti amene amapita ku chinkhoswe. Pofuna kupepesa ndinafotokoza zonse, ndipo minibasi yonse inasanduka bwalo. Mtsikana wina wa kukoleji anati mafilimu amenewo amawadziwa, abwino ndi aja amasewera mvula ikugwa, matope thupi lonse. Dalaivala anatsutsa maso ali pamsewu, akuti abwino ndi aja mphunzitsi amakalipa m'chipinda mpaka zimphona zija kugwetsa misozi. Ine ndinati onse akunama. Filimu yabwino ndi ija mpira umauluka pang'onopang'ono kumapeto, bwalo lonse lili zii, iwe woonera utaiwala kuti uli ndi chinangwa m'kamwa. Bambo wa suti, amene sanaonerepo ngakhale imodzi, anagwirizana ndi ine, mwina kuti ndisunthe bigiri.

Mayi wina wachikulire amene anafukata nkhuku kumbuyo ndi amene anandidula kuseka.

"Pepani achimwene, mwati amathira akawina. Nanga inu mukakaluza?"

Ndinawayankha kuti sitingaluze, koma funsolo linatsika nane minibasi.

Mu tauni ya Salima dzuwa linali litaima pamutu. Ndinadya chipisi cha pachiwaya nditaimirira, thupi langa ndikulisandutsa mthunzi wa bigiri. Nditasuzumira ndinapeza ayisi wanga akusambira m'madzi ake omwe, ndiye ndinagula madzi oundana a m'timapepala n'kuwathira momwemo. Kenako ndinakwera kagalimoto ka matola ka K3,500. Kutsogolo tinakhala atatu, bigiri ili pamiyendo panga, ntchafu zitachita dzanzi.

Pa Kaphatenga wapolisi anavundukula chivundikiro.

"Nsomba zake zili kuti?"

"Mulibe nsomba, bwana. Ndi madzi okha."

"Mwachoka kunyanja, mwalipirira madzi mpando, kuti mukawapereke kwa anthu amene ali ndi mijigo yawo?"

Anaitana mnzake kuti adzaone, ndipo anatilola kupita, apolisi onse awiri atagwira m'mimba ndi kuseka. Nanenso ndinaseka mpaka misozi. Msewu wopita kumpoto uli ndi maenje ake, ndipo dzenje lililonse linkandisambitsa pang'ono.

Ndinafika ku Khombedza anthu atangotuluka mu mzikiti masana. Bigiri ndinaibisa kuseri kwa mtengo wa mango, kumbuyo kwa golo lathu. Za masewerowo sindinena zambiri, chifukwa zimandipweteka. Anyamata a ku Khombedza anatimwetsa zigoli ziwiri, ife osaona ngakhale khomo lawo. Mayi wa nkhuku uja analosera.

Wezulo yomaliza italira, Yusufu anabwera ku mtengo wa mango nkhope ili pansi.

"Nanga pano titani, achimwene? M'mafilimu amathira akawina."

Ndinayang'ana Che Jafali. Anali kupereka mkono kwa anyamata mmodzimmodzi, osawakalipira monga mwa masiku onse. Kenako anatola kachikwama kawo n'kuyamba kutsimphina kulowera kumene Halima ankawadikira ndi njinga ya kabaza. Munthu watitumikira moyo wake wonse, n'kuchoka chonchi ngati mlendo amene wangopempha madzi akumwa. Mtima unandiwawa.

"Gwira uko," ndinamuuza Yusufu.

Tinawanyang'amira kumbuyo ndi kuwakhuthulira bigiri yonse. Kofiya yawo inagwa. Bwalo lonse linati zii. Halima anathamanga akukuwa kuti tapenga, bambo ake tawalakwira pamaso pa anthu amene akhale nawo. Mawu a mkazi wanga anandibwerera.

Che Jafali anaima chilili, madzi akuyenderera m'ndevu, mamba a nsomba atawamatirira pa khutu. Anapukuta kumaso, n'kununkhiza dzanja lawo.

"Madzi a chambo awa."

"Eya, madala."

"Achokera kwathu ku Chipoka?"

"Pamiyendo panga, madala."

"Ndipo taluza."

"Taluza, madala."

Anandiyang'ana m'maso. Kenako anati, "Ndiye mwaimiranji? M'mafilimu muja akathira amanyamulanso."

Tinawanyamula pamapewa. Anyamata a ku Khombedza, amene anatichinya aja, anathamanga kudzathandiza, ndipo tinazungulira nawo bwalo lonse tikuimba, Halima akutsatira ndi kofiya m'manja, akutinena uku akuseka. Iwo pamwambapo ankaseka mpaka kutsokomola. Nkhope yawo inanyowa kawiri, koma palibe amene anawafunsa.

Pobwerera ndinakwera lole ndi anyamata, nditakhalira bigiri yopanda kanthu. Ulendowu unandiphunzitsa kuti azungu a m'mafilimu aja amadikira kuwina kuti athokoze chifukwa amawina kawirikawiri. Ife tikanati tidikire zimenezo, Che Jafali akanachoka ku Chipoka ali ouma.