Anandimanga Chifukwa cha Ngalawa ya m'Buku

Anabwera m'mawa, Lachitatu lina la mwezi wa Okutobala, ndikuyanika usipa pa thandala kwathu ku Chiwanga. Anali wapolisi mmodzi pa njinga yamoto. Mayi anga sanawapatse moni. Anafunsa ngati ndine mtsikana wa kalasi yomaliza ku shikola ya ku Metangula, ndipo nditavomera anati, "Tiye ku komando ukayankhe mafunso. Tenga buku lako la Chipwitikizi."

Mayi anati, "Abambo, mwanayu walakwanji?"

"Mama, owerenga kwambiri amadziwa okha," anatero.

Mlandu wake unali uwu. M'bukumo munali nkhani ya ngalawa yodontha. Mwini wake ankakhala kumbuyo pansi pa ambulera, okwera akukapa madzi ndi mbale, ndi zipewa, ndi manja. Wina akafunsa kuti bowolo lidzatsekedwa liti, ankamutsitsa pa chilumba chopanda anthu. Aphunzitsi athu a Chipwitikizi, amene tonse tinkangowatchula apolofesolo, anatifunsa tanthauzo lake. Iwo ndi amene anatiphunzitsa kuti wolemba akatchula ngalawa, tizifunsa kuti wakhala ndani, akukapa ndani. Ndinkawakonda bambo amenewo kuposa amalume anga enieni. Ndinaimirira n'kunena kuti ngalawayo ndi dziko lathu, okapa ndi ife, ndipo wa ambulera aliyense akumudziwa. Kalasi inaseka, apolofesolo n'kuomba m'manja. Mnzanga wina anajambula pa foni, mawu anga n'kuyenda mpaka ku Kobwe ine ndisakudziwa.

Ku komando, ku likulu la apolisi, anandilowetsa kwa mkulu wina amene anzake ankamutchula shefi. Sanali wolalata. Anandiuza kuti ndiwerenge nkhani yonse mokweza, iye akumvetsera atatsinzina. Nditamaliza anati, "Ndionetse pamene palembedwa kuti boma."

Ndinati palibe.

"Pamene palembedwa dziko?"

Palibenso.

"Ndiye iwe unazitenga kuti?"

Ndinayankha kuti ndinakulira m'tchalitchi, ndipo kumeneko wansembe akawerenga za wofesa mbewu amatiuza kuti mbewuyo ndi mawu, palibe amene amamumanga. Shefi anamwetulira. "Wansembe amamasulira za kumwamba. Iwe wamasulira za pansi pano, ndipo pansi pano pali eni ake."

Anaitana apolisi awiri. Mmodzi anali ndi chamboko. Zimene zinachitika masana amenewo sindizilemba zonse. Ndingonena kuti masiku otsatira ndinkagona chafufumimba, ndipo mayi wina womangidwa pa mlandu wa ukonde woletsedwa ankandipukuta ndi chitenje chake chonyowa. Wa chamboko uja podutsa pa khomo ankakonda kunena kuti, "Adokotala a mabuku, lero mwamasulira chiyani?"

Mayeso omaliza anali atayandikira, ndipo ndi amene ankandidya mtima kuposa mabala. Pa banja lathu palibe amene anafikapo kalasi imeneyo. Ndinkayenda wapansi kuchoka ku Chiwanga tsiku lililonse, mvula kaya dzuwa, ndipo kuphonya mayesowo kunali kubwerera ku thandala mpaka kale. Koma sindinkaopa kwenikweni. Ndinkati apolofesolo abwera, adzawafotokozera anthuwa kuti kumasulira nkhani ndi ntchito imene mwana wa shikola amapatsidwa. Shefi ankandifunsa mobwerezabwereza kuti anandituma ndani, ine n'kumati palibe. Ndinkaganiza kuti ndikuteteza munthu amene nayenso akunditeteza. Kupusa kwanga!

Anabweradi, Lolemba la sabata yachiwiri, atavala malaya osita bwino. Anawapatsa mpando. Ine ndinaima chifukwa kukhala sindikanatha. Shefi anawafunsa kuti nkhani ya ngalawa imaphunzitsa chiyani.

"Imaphunzitsa kuti tizisamala zipangizo zathu, shefi," anatero apolofesolo, "ndiponso kuti pa ulendo tizimvera woyendetsa."

"Nanga za mtsikanayu?"

"Ndi maganizo ake. Ana ena amawerenga zimene palibe. Ine ndinamudzudzula pomwepo."

Ndinawayang'ana, iwo akuyang'ana nsapato zawo. Ndinati, "Apolofesolo, si inu munaomba m'manja?" Anati, "Mwana iwe, usawonjezere milandu." Ndikunena mosabisa: chamboko sichinandipweteke ngati mawu amenewo. Munthu wa chamboko sindinadyepo naye nsomba, sindinamunyamulirepo mabuku.

Iwo atatuluka, shefi anandiuza mtengo wa ufulu wanga. Ndikaime pamaso pa shikola yonse, pa mzere wa m'mawa, ndimasulire nkhaniyo moyenera. Ndikakana, mayeso ndikawamvera m'chitokosi. Tsiku lomwelo analola mayi anga kundiona. Sanalire. Anati, "Mwananga, nena zimene akufuna. Ngalawa ya m'buku singamire, koma iwe umira."

Ndinavomera. Lachisanu anandiperekeza ku shikola, wapolisi ataima pafupi ndi mbendera. Ndinauza anzanga kuti ndinalakwitsa, kuti ngalawa ndi ngalawa basi, kuti wa ambulera ndi woyendetsa wanzeru amene amadziwa zimene okwera sadziwa, ndipo amene anatsitsidwa pa chilumba anadzichititsa yekha. Palibe anaseka. Mnzanga wa foni uja anali ku mzere wa kumbuyo, akutola kanthu pansi kamene sikankatha kutoleka. Nditamaliza, apolofesolo anabwera kutsogolo n'kulengeza kuti kumasulira kotere ndiye kofunika, ndipo andipatsa vinte, mapointi onse. Zaka zonse zimene anandiphunzitsa, zimene ndinkalemba ndi mtima wanga wonse sanazipatseko vinte.

Masana amenewo anandimasula. Shefi anandibwezera buku langa n'kunena kuti, "Pita ukakhoze, mtsikana. Mutu uli nawo."

Ndinakhozadi. Anthu akandiona amati Mulungu ngwamkulu, unatuluka, uli pa ufulu. Inde, ndimayenda kumene ndafuna, palibe amanditsekera khomo. Apolofesolo akadaphunzitsabe, tikakumana pa msika amandipatsa moni ngati palibe chinachitika, ndipo ine ndimayankha chifukwa ndinaleredwa. Sindinawakhululukire. Ena amati anali ndi ana oti adyetse. Kodi ine ndinali mwana wa ndani?

Koma ufulu umene anandipatsa ndinaudziwa bwino chaka chatha. Mng'ono wanga anafika kalasi yomwe ija, ndipo buku silinasinthe. Anabwera nalo pa khonde, maso akuwala, n'kuti, "Achemwali, nkhani ya ngalawayi ikunena zina, eti? Wa ambulerayu ndi ndani?" Panalibe wapolisi, panalibe foni, tinali awiriwiri. Ndinayang'ana kumsewu, ndinayang'ana kuseri kwa nyumba, kenako ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndi woyendetsa ngalawa. Lemba zimenezo."