Kabotolo ka Nzelu ka M'basi

Ndinagula mankhwala owonjezela nzelu m'basi, pakati pa Nyimba ndi Petauke, ine mphunzitsi wathunthu wa sayansi. Wogulitsayo, bambo wina wa tayi yofiila, anati ndi mapeputaidi ochokela kunja: ukapopela m'mphuno, mutu umagwila chilichonse.

Ndinamukayikila asanamalize n'kulankhula komwe. Pakabotolopo panalembedwa m'Chingelezi kuti n'za kafukufuku chabe, osati za anthu. Nditamuonetsa, sanaphethile.

"Akunena anthu wamba, aphunzitsi. Izi n'za inu ofufuza."

Basi, ndinapisa m'thumba.

Ndinapopela mwezi wathunthu, mobisa, kuseli kwa kalasi. Nzelu sizinabwele, chinabwela n'chimfine. Nditafufuza pafoni ndinapeza kuti zambili anaziyesa pa makoswe, za anthu umboni wake ngwochepa. Ndinamatula kapepala ka dzina kuti wina asaone, n'kupitiliza kupopela.

Tsiku lina Amai Tembo, omwe timaphunzitsa limodzi, anandipeza kabotolo kali m'mphuno. Ndinawafotokozela.

"Zimathandiza?"

"Kwambili," ndinatelo, uku ndikupukuta mamina.

"Ndiye ndimugulile mwana wanga, mayeso ayandikila. Dzina lake n'chiyani?"

Apa m'pomwe ndikanaulula, chifukwa tsopano inali mphuno ya mwana wa eni. Koma ayi, ndinayesetsadi kukumbukila kuti ndiwauze. Ndinayang'ana kumwamba, ndinakanda m'mutu. Dzinalo linali litandithawa.

Amai Tembo anayang'ana kabotolo, kenaka ine.

"Mwati mwezi wathunthu, a Banda? Musavutike. Wangayo azingowelenga."