Zomwe Ndinamva M'mahedifoni

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene nandolo anagwa mtengo mpaka anafumbwira m'matumba. Banja langa linali litatha, bambo a Rozina atabwerera kwawo ku Mauwa. Mwanayo ndinamusiya m'manja mwa amayi ku Mbulumbuzi. "Pita," anatero amayi, "mwana sasowa pogona kwa agogo ake."

Ku Joni ndinayamba ndi kuphikira kagulu kojambula mafilimu a nkhani zenizeni. Kanali kagulu kosauka, ntchito ikasowa tonse tinkagona ndi njala. Tsiku lina wojambula mawu sanabwere, ndiye Zanele, mayi amene ankatitsogolera, anandigwiritsa ndodo yaitali ya maikolofoni. Mikono inawawa sabata yonse, koma ntchitoyo inandiyanja. Ndinaphunzira kumata kamaikolofoni pa malaya a munthu, kuvala mahedifoni ndi kukhala chete. Kukhala cheteko ndinali nditazolowera kale, pakuti m'kachipinda kanga Lamulungu linkatha osayankhula ndi munthu.

Ndalama ndinkatumiza kwa achimwene anga a Fabiano. Rozina atakhoza mayeso a Sitandade 8, iwo anati amupezera malo ku sekondale yogonera komweko. Ndinawonjezera zotumiza, nyama n'kuiiwala. Ndikafuna kumva mawu a mwana wanga ankati, "Kumeneko salola mafoni, chemwali. Akupereka moni." Ikafika holide, akuti watsalira kusukulu kuwerenga.

Kenako Zanele anafuna kupanga filimu ya makolo amene ana awo ali ku Joni. Ndine ndinamuuza kuti tipite kwathu.

Titafika amayi anandikumbatira akulira. Rozina kunalibe, akuti ali pa mayeso. M'mawa mwake ndinawamata amayi kamaikolofoni pa bulauzi, pansi pa kolona yawo. Tikudikira kuti chigayo chapafupi chizime, iwo analowa m'nyumba ndi achimwene. Sanadziwe kuti kachinthuko kamamva ngakhale kuseri kwa khoma, ndipo ine mahedifoni anali m'makutu.

"Akati akufuna kukamuona kusukuluko, titani?" anali mawu a amayi.

"Mungoti alendo saloledwa. Loweruka anthuwa akupita."

"Nanga akakumana naye ku Limbe? Abwana ake aja amamutuma kumsika."

"Limbe ndi wamkulu. Inu musamangolira, mungaulule. Akadziwa kuti mwana ali pantchito asiya kutumiza, ndiye tidya chiyani?"

Zanele anandifunsa ngati mawu akumveka. Ndinati akumveka bwino kwambiri.

Amayi anatuluka n'kukhala pampando, kamera n'kuyamba. Anafotokoza mmene amandisowera, mmene amanditchulira pa Misa. Sindikhulupirira kuti ankanama. Ndinajambula zonse. Titamaliza ndinagwada kuti ndiwachotse kamaikolofoni kaja, n'kufunsa chapansipansi, "Amayi, ku Limbeko nyumba yake ili pati?"

Sanandiyang'ane. Anangotchula dera ndi dzina la mwini nyumba.

Rozina ndinamupeza akuchapa matewera a mwana wa abwana ake. Anali atatalika kundiposa. Sukulu anasiyira Fomu 1, teremu yoyamba. Kwathu anamuuza kuti ndinakwatiwa ku Joni ndipo ndinasiya kutumiza ndalama.

"Ndimaona ngati munandiiwala, amayi," anatero, manja ali thovu lokhalokha.

Ndinamutenga tsiku lomwelo. Tili mu minibasi m'pamene ndinayamba kukumbukira nkhope za anthu amene anabwera kudzandilonjera dzulo lake: azakhali, oyandikana nawo nyumba, anzanga a m'kwaya ya kutchalitchi. Onse anandifunsa za ku Joni, onse analandira sopo ndi zitenje, koma panalibe amene anatchula dzina la mwana wanga. Mudzi wonse unkadziwa. Kwathu ankandikonda, inde, koma ndili kutali, ndikutumiza.

Loweruka anzanga anabwerera ku Joni popanda ine. Ndinapeza kachipinda ku Bangwe, ndipo Rozina anayambiranso Fomu 1 pakati pa ana ang'onoang'ono kwa iye. Amayi amatumiza uthenga kuti ndikatenge chimanga. Kuchokera kuno, Mbulumbuzi ndi pafupi kwambiri kuposa mmene analili ndili ku Joni, koma sindinapondeko.