Dziwe Lobisika la a Delmont Pelkey

Kuno kumpoto kwa Maine, ayezi akangoyamba kusungunuka pa maiwe, amuna amapenga. Munthu amene wakhala miyezi isanu ali phee pafupi ndi mbaula amadzuka n'kuyamba kufunafuna mbedza zake, kukalipira mkazi kuti wazisuntha, chikhalirecho anaziika yekha pamwamba pa kabati. Koma pa openga onse a m'tauni yathu, mkulu wawo anali a Delmont Pelkey.

A Delmont anagwira ntchito pa fakitale ya mapepala mpaka kupuma, koma ukawafunsa kuti ndinu ndani, ankati, "Msodzi wa trauti." Trauti yake ya m'madzi ozizira ija, ya mimba yofiira ndi timadontho m'nthiti. Nsomba zina zonse ankazitcha zinyalala, makamaka pechi, kansomba kamizeremizere kaminga pamsana kamene ife timangokaponya m'chiwaya. Ankati pechi ndi nsomba ya anthu otopa ndi moyo, ndipo ponena choncho ankaponya diso kwa mlamu wawo, a Ovide Michaud, mchimwene wa akazi awo, amene ankangokhala pa mlatho tsiku lonse n'kumawedza pechizo.

Dzina la a Delmont linatchuka ndi zinthu ziwiri, supuni ndi dziwe. Nyengo yonse yozizira ankakhala m'garaja kudula timasupuni ta tiyi, kutisula ndi hamala, kutipaka penti wa zikhadabo wa mayi Verna, akazi awo, n'kumangirira kambedza kumapeto. Malangizo ake ankapereka ulere. Uponye pafupi ndi mtengo wogwera m'madzi, uwerenge mpaka zisanu, ukoke pang'onopang'ono, chifukwa madzi akamazizira nsomba imachita ulesi. Amuna ankagula, kukaponya, kuwerenga mpaka zisanu, ena mpaka makumi awiri, n'kubwerako chimanjamanja.

"Vuto ndi dzanja lanulo, achimwene," ankatero a Delmont. "Supuni ilibe mlandu."

Dziwelo linali pamwamba pa phiri, kuseri kwa mathithi, ndipo anawaonetsa ndi malemu bambo awo. Meyi aliyense ankaimika galimoto pa msewu wina kuti asocheretse anthu, n'kutulukira masana ku sitolo ya mayi Thurlow ndi trauti zonenepa zogonekedwa pa masamba onyowa.

"Kumeneko phazi la munthu wina silinapondeko," ankadziguguda pachifuwa. "Ine ndi malemu basi."

Tsono ndikuuzeni zimene amuna a pa sitolo sankadziwa. Supuni ya a Delmont inali isanagwirepo trauti ngakhale imodzi. M'chikwama ankanyamula mafulasiki awiri. Imodzi inali ya khofi. Inayo munali tinsomba tamoyo totapa ku mtsinje wakumunsi, nyambo imene a gemu amaletsa m'maiwe akuphiri. Akamaliza kuwedza, totsala ankatikhuthulira m'dziwe momwemo. Ankati kutsika phiri utanyamula madzi n'kupusa, ndiponso ankadziona achifundo, ati trauti zawo zidyeko. Zoti ayang'ane kuti m'tinsombato muli tiana ta chiyani, nthawi imeneyo analibe.

Kenaka mawondo anawakana. Madokotala anang'amba lina, chaka chinacho linzake, n'kuikamo zitsulo, ndipo zinatha zaka zisanu asanakwereko. Pakamwa pokha ndi pamene sipanadwale. Koma anthu amatopa ndi nkhani zopanda nsomba. Anayamba kunong'onezana kuti mwina dziwelo kulibe, mwina trauti zija ankachita kugula. A Delmont anamva, zinawabaya, ndipo analengeza pa sitolo kuti Loweruka akukwera.

Mayi Verna sanafune kumva zimenezo.

"Bambo a Colette, mukakagwa kumeneko ndikakutolani kuti, malo ake osawadziwa? Mupite ndi achimwene. Apo ayi, makiyi a galimoto muwaiwale."

"Ovide? Munthu wa pechi?"

"Yemweyo. Miyendo yake ndi yomwe anabadwa nayo, osati yanu yazitsuloyo."

Apa ndiye zinavuta. Ndi mboni pambali, fulasiki yachiwiri ija inayenera kutsala. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, a Delmont ankapita kukawedza ndi supuni yawo yokha, ndipo ikakanika, Lolemba tauni yonse ikhala itamva. Loweruka m'mawa anakwera phiri mtima uli m'mwamba, tintchentche toluma ta m'nkhalango tikuwazunguza m'makutu.

"Alamu, lumbirani kuti njira iyi simuuza munthu."

"Ndalumbira, alamu. Nanga ine ndimacheza ndi ndani? Pechi?"

Anadutsa pambali pa mathithi akukwawa, nafika. Dziwe linali lomwe lija, lakuda bii, ayezi wotsalira ali m'mithunzi. Bwato lawo lakale a Delmont analipeza pamene analibisa, pansi pa nthambi. A Delmont anapalasa mpaka pa mtengo wogwera m'madzi, naponya supuni, nawerenga. Sanali munthu wopemphera, koma pa zisanu paja anatchulako Mulungu.

Chingwe chinagwedezeka. Gwi!

Mtima wawo unadumpha. Kani supuni ija imagwiradi? Zaka zonsezi kuvutika n'kubisa fulasiki, chonsecho iwo anali katswiri weniweni! Anakoka akumwetulira, mawu onyoza mlamu ali kale pa lilime. Chinatuluka m'madzi chinali chachikasu, chamizeremizere, minga ili njo.

A Ovide anayang'ana nsomba, nayang'ana mlamu wawo.

"Alamu, trauti za kuno zimavala malaya a pechi?"

"Yasochera imeneyo."

Anaponyanso. Pechi. Anasuntha bwato, naponya kwina. Pechi. Anasintha supuni, yofiira kuika yagolide. Pechi yonenepa kuposa zonse. A Ovide anaseka mpaka bwato linatsala pang'ono kugudubuzika. Anapempha supuni imodzi, naponya, nagwira nthawi yomweyo.

"Ayi ndithu, ndakulakwirani zaka zambiri. Supuni iyi ndi mankhwala! Mukandisungire khumi."

Koma a Ovide, ngakhale anthu ankawayesa ogona, pechi ankaidziwa ngati m'bale wawo. Kuseka kuja kunatha pang'onopang'ono. Anayang'ana kumene madzi amatsikira.

"Alamu, mathithi tadutsa aja ndi aatali kuposa denga la tchalitchi. Pechi ilibe miyendo."

"Abakha amanyamula mazira kumapazi."

"Abakha? Zaka zonse za bambo anu abakhawo anali kutchuthi?"

"Ndiye kuti winawake anabwera kudzathira."

"Ndani? Si paja kuno kumadziwika ndi inu ndi malemu basi? Kapena malemu?"

A Delmont anayang'ana mwala wina wa m'mbali mwa dziwe. Anakumbukira fulasiki ija, kangati anaipendeketsa pa mwala womwe uja akuimba kamluzu. Tinsomba tija tinakula, tinaswana, tinadya chakudya cha trauti, tinadya ndi ana ake omwe. Manyazi anawagwira, koma chimene chinawapweteka kwambiri si manyazi. Dziwe limeneli ankalikondadi. Pa zinthu zonse zimene ankadzitama nazo, ichi chokha ndi chimene chinali choona.

Sanafune kutsika. Anaponya mpaka phewa linachita dzanzi, a Ovide akudya masangweji a anthu awiri. Dzuwa litapendeka, kumene kamtsinje kozizira kamalowera m'dziwe, chingwe chinakoka mwamtundu wina. A Delmont anadziwa asanaione. Trauti. Koma trauti yake, mayo! Mutu waukulu, thupi lopyapyala ngati lamba, mimba yofiira ija itatumbuluka. Anaigwira m'madzi momwemo ndi manja awiri, naichotsa mbedza mosamala, naisiya. Inapita mwaulesi, yosathamanga n'komwe.

A Ovide sanaseke. Anangomanga thumba lawo la pechi, n'kunena kuti, "Tiyeni, alamu, achemwali ayamba kudera nkhawa."

Lolemba pa sitolo amuna anadzaza, aliyense khofi m'manja, kudikira. A Delmont analowa ngati wopita kukhoti. Mayi Thurlow ndi amene anafunsa.

"A Ovide, tiuzeni zoona. Dziwelo liliko?"

"Liliko."

"Nanga supuni?"

"Ndaona ndi maso angawa. Yagwira trauti. Mwini wake anaibwezera m'madzi."

Eee, chisangalalo chake! Wina kuwamenya paphewa a Delmont, wina kuwagulira donasi, amene ankanong'ona aja ndiye patsogolo kupepesa. Ulemu umene anaufuna moyo wawo wonse unabwera tsiku limenelo wathunthu, ndipo donasi ija inawakanika kumeza.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse anthu awiriwa amakwera phiri limodzi, a Ovide patsogolo, a Delmont pambuyo akutsimphina. A Delmont amawedza pechi mwaukali, kuyambira m'mawa mpaka dzanja litakana, osabwezera ngakhale kakang'ono, ati azimaliza zonse kuti trauti zibwerere. A Ovide amadziwa kuti pechi imodzi imaikira mazira masauzande, ndipo anthu awiri okalamba sangazithe ngakhale atapatsidwa zaka zana. Koma sawauza. Chibadwire sanawedzepo malo okoma chotero, komanso wopalasa bwato ali naye.